Nsalu Yoyera Yochokera kwa Ama

Chibwerereni ku Nepal, Tasha Msaiwale analibe nkhani ina pakamwa koma Ama. Kudzuka, Ama. Pakudya, Ama. Ama ameneyu anali mayi wa mtundu wa Tamang, wa m'mudzi wina wa pamwamba pa mapiri. Ndiye anasunga Tasha ndi anzake awiri m'nyumba mwake pamene ana a sukulu ya ku Rockingham, kufupi ndi mzinda wa Perth ku Australia, anapita kukayenda wapansi m'mapirimo pa holide ya Epulo, akugona m'makomo mwa eni midzi. Mayi Msaiwale, mayi ake a Tasha, anali asanamuonepo mayiyo, koma anali atatopa naye kale.

Lamlungu lina atachoka ku Misa, malume ake a Tasha, a Yakobe, anabwera kudzadya nawo masana. Anabwera ndi nkhani imodzi. Amafuna kudziwa Loweruka lisanafike ngati agule matikiti a ndege awiri kapena atatu. Mu Julaye kunali mwambo wovundukula chiliza cha bambo ake a Tasha, a Lazaro, amene anamwalira konkuno ku Perth mwanayo ali ku pulayimale, n'kukaikidwa kwawo ku Dedza. Tasha anali atakana kale kupita. Ati kumudzi kulibe netiweki, ati chimbudzi chake n'chokumba, ati madzi ake amatsegula m'mimba.

M'malo moyankha za matikiti, Tasha anatulutsa foni n'kuyamba kuwaonetsa ankolo ake zithunzi. Nyumba zamiyala zokhala ndi mawindo amatabwa osema. Amayi onyamula madengu kumsana ndi lamba wodutsa pamphumi. Tinsalu tamitundumitundu tikuuluka pa zingwe. Anafotokoza m'Chingerezi chake cha m'mphuno kuti kumeneko tiyi amathira mchere ndi batala, kuti anasamba madzi a m'ndowa, kuti anadya nsima ya mawere ndi manja, ndipo inali yokoma kwabasi.

Mayi Msaiwale anaika sipuni pansi.

"Ukumva, Yakobe? Mwana uyu anatsuka magalimoto a anthu chaka chonse kuti akagone pamphasa ya eni ake. Mphasa ya agogo ake ili ndi minga? Nsima yanga amaidya ndi foloko ngati akuyesa mankhwala, koma ya mawere ya Ama anainyambita zala. Nanga chimbudzi cha Amayo chinali cha mtundu wanji? Chagolide?"

Tasha anavomera motsitsa mawu kuti nacho chinali chokumba.

A Yakobe anaseka mpaka kutsamwa. Anati vuto ndi loti ku Dedza n'kwaulere. "Achemwali, tingomusindikizira kapepala kokongola. Ulendo wokwera phiri la Dedza, kugona kwa nzika, chakudya cha makolo, mbuzi zoona ndi maso. Alembetsa yekha, atipemphanso kuti timusungire malo."

Mayi Msaiwale sanaseke. Anakumbutsa za chitenje chawo chabuluu, chomwe anamukakamiza Tasha kuti atenge ponyamuka. Tsiku limenelo panali nkhondo. Tasha ankati chikwama chalemera kale ndipo anzake akamuseka. Mayi ake ankati mwana wamkazi salowa m'nyumba ya eni ake ndi buluku lokha ngati wobwera kudzakonza magetsi. Anachikankhira okha pansi pa chikwama. Ndiye chitenjecho sichinabwerere.

"Unachitaya m'phompho kuti anzako asachione. Ndikukudziwa iwe."

Tasha anaimirira, nanena kuti mayi ake samamvetsera munthu, amangodikira kuti amalize kuti amukalipire. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. A Yakobe anamaliza nkhuku yawo, ndipo potuluka anangoti, Loweruka.

Lachitatu Mayi Msaiwale anaweruka masana ku Canning Vale, kumene ankalongedza ndiwo zamasamba m'mabokosi kuyambira mbandakucha. Msana unali kuwawa, kunja kunali mvula yowaza ya mu Meyi. Anaika mafuta pamoto kuti akazinge nsomba, kenako analowa kuchipinda kwa Tasha kukatolera zochapa. Chikwama cha ku Nepal chinali chikadali pakona, masokosi onunkha ali momwemo. Atachikhuthula, panagwa kaphukusi ka pepala lakhaki. M'kati munali nsalu yoyera, yayitali, yopyapyala, yoterera ngati silika.

Nsalu yotereyi ankaidziwa. Ina yofanana nayo inali itakolekedwa pagalasi la Tasha, ndipo m'zithunzi ana onse anali atavala imodzi imodzi m'khosi tsiku lotsanzikana. Ndiye kuti mwana wawo anapatsidwa ziwiri. Chitenje cha mayi ake anataya, koma nsanza za Ama wazisunga m'pepala ngati chikalata cha ubatizo.

Atabwerera kukhitchini anapeza mafuta atathovokera pa chitofu. Tisanamizane, zopukutira zinalipo, kabati yonse. Koma Mayi Msaiwale anayang'ana mafutawo, nayang'ana nsalu inali m'manja mwawo, n'kupukuta. Anapukuta chitofu, anapukuta khoma, anapukuta ndi pansi pomwe. Kenako anaiponya pambali pa sinki.

Tasha anafika kuchokera kusukulu yunifolomu itanyowa. Analowa kukhitchini kufuna buledi, maso ake n'kugwera pa nsaluyo. Mayi ake anatembenuza nsomba, khosi lili gwaa, kudikira phokoso. Mayankho anali atawakonza kale.

Phokoso silinabwere. Tasha anatola nsaluyo ndi manja awiri, nakhala pansi pomwepo pa matailosi, msana atatsamira firiji. Anaitambasula pamiyendo pake. Pakati pake panali banga lalikulu lachikasu, lokhala ndi mwaye m'mbali.

"Inali yanu, amayi," anatero.

Ananena m'Chichewa. Mayi Msaiwale anazimitsa moto.

Tasha anafotokoza pang'onopang'ono, mawu ena akuwasowa n'kuwabwereka ku Chingerezi. Anati m'mawa woyamba kwa Ama anadzuka anzake akadali m'mabulangete. Kunali kuzizira kobaya m'mafupa, ndipo anamva Ama akuwaza nkhuni panja. Anafuna kugonanso, koma m'mutu mwake munamveka mawu a mayi ake, aukali ngati mwa masiku onse, akuti mlendo wamkazi sadikira kudzutsidwa ndi tiyi. Ndiye anafukula chitenje chija, nachimanga pamwamba pa buluku, napeza tsache kuseri kwa chitseko, n'kusesa bwalo lonse lamiyala mpaka kukhola la mbuzi. Pamene Ama anamupatsa tiyi wamchere uja, anangozindikira kuti wagwada ndipo walandira ndi manja awiri. Anzake, amene anali atadzuka tsopano, anaseka n'kumujambula.

Ama sanaseke. Anaitana mnyamata wotsogolera ulendo kuti amasulire, nafunsa kuti mwana ameneyu analeredwa ndi ndani. Tasha anati ndi mayi ake okha, bambo anamwalira. Ama anamugwira dzanja n'kutsika naye kanjira kopita kumunda, mpaka pa kakhoma kamiyala kamene anthu onse amakadutsa mbali imodzi yokha. Pamenepo panali mwala wafulati wolembedwa zilembo zakwawoko. Unali wa mwamuna wake, amene anafa pa chivomerezi chachikulu chimene chinagwedeza dziko la Nepal, nyumba itamugwera.

"Tsiku lililonse popita kumunda amaugwira mwalawo, amayi. Amawauza nkhani. Kuti mbuzi yaswa awiri. Kuti mwana wawo wa ku Kathmandu sanaimbe foni. Nthawi zina amawakalipira kuti anasiya denga lodontha." Tasha anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Kenako anandifunsa kuti mwala wa adadi uli kuti, ndipo ndinawauza liti nkhani komaliza."

Tsiku lonyamuka, Ama anaveka mwana aliyense nsalu yoyera m'khosi, monga amachitira Atamang ndi mlendo amene akumufunira ulendo wabwino. Atafika pa Tasha anamuveka yake, kenako anatulutsa ina yokulunga m'pepala. Anati iyi ikafike kwa amene anakuphunzitsa kusesa, ukamuveke ndi manja ako, umuuze kuti mnzake wamasiye wa kumapiri waona ntchito yake. Tasha analibe china chobwezera, ndiye anamasula chitenje chabuluu chija n'kuwapatsa. Ama anachimanga m'chiuno pomwepo, mokhota, akuseka ndi mano ake ochepa.

Mayi Msaiwale anakoka mpando, koma sanakhalepo. Anafunsa, mawu atatsika, kuti nanga bwanji masabata onsewa nsaluyo inali kugona ndi masokosi.

"Pa eyapoti munayamba ndi kuti ndawonda, ndada, chitenje chili kuti. Ndinati ndidikire tsiku limene simunakwiye." Tasha anayang'ana pansi. "Silinafike."

Mawu amenewa analowa. Mayi Msaiwale anaika chipande pansi.

Tasha anapitiriza yekha. Anati za chimbudzi ndi netiweki linali bodza. Chimene ankaopa ndi manda. Ankakumbukira maliro aja, amayi akudzigwetsa pansi, bokosi likutsika, ana a azakhali ake akumutcha mzungu chifukwa sankadziwa nyimbo ngakhale imodzi. Ankaganiza kuti kumanda munthu amapita kukalira basi. Sankadziwa kuti ungathe kupita kukanena kuti wakhoza masamu.

Mayi Msaiwale anatsika, mawondo akulira, nakhala pansi pafupi ndi mwana wawo. Sanali munthu wodziwa kukumbatira. Anangomumenya kambama kakang'ono pa bondo.

"Ndinachita dala. Zopukutira zinalipo. Ndinaona ngati mayi uja wandilanda mwana." Anapumira m'mwamba. "Bambo ako ndiwo ankanditsitsa mkwiyo. Chichokereni iwo, palibe wondiuza kuti Felesta, zakwana. Bwera nayo kuno nsaluyo."

Anaichapa awiriwiri m'beseni. Anayamba ndi sopo wotsukira mbale, kenako madzi otentha, kenako soda ndi mandimu a mumtengo wa aneba. Mwaye unachoka. Mafuta ambiri anachoka. Koma atayanika pakhonde, pomwe mvula siifika, banga linaonekabe pakati, lachikasu chotuwa, lalikulu ngati chikhatho. Mayi Msaiwale analitukwana bangalo ngati kuti linabwera lokha. Tasha anaseka koyamba sabata imeneyo.

Nsaluyo inauma Lachisanu. Mayi Msaiwale anali pasofa akusisita mapazi pamene Tasha analowa nayo atayisita bwinobwino. Anagwada pa kapeti, naikweza ndi manja awiri, n'kuwaveka mayi ake m'khosi. Ananena uthenga wa Ama wonse m'Chichewa, osadumpha liwu. Mayi ake anati nsaluyo ikuyabwa, ndipo anthu a kumapiriwo akanatha kutumiza bulangete popeza ku Perth kukuzizira. Koma sanaivule. Anadya nayo, naonera nayo nkhani pa wailesi yakanema, dzanja limodzi likungoisisita kunsonga.

Kenako Tasha anatenga foni n'kuimbira a Yakobe, mawu atawakweza kuti onse amve.

"Ankolo, mugule atatu."

A Yakobe anafunsa ngati mlendo wolemekezekayo akudziwa kuti chimbudzi chikadali chokumba, ndiponso kuti mu Julaye ku Dedza kumazizira moti ngakhale Ama wakeyo angathawe. Tasha anati akudziwa. Anapempha kuti awauze agogo ake amusungire tsache.

Foni itadulidwa, Mayi Msaiwale anavula nsalu ija n'kuipinda mosamala. Anamufotokozera Tasha kuti pa tsiku la mwambo chiliza chimaphimbidwa ndi nsalu yoyera, ndipo anthu akaimba ndi kupemphera, wina wa m'banja amaichotsa kuti dzina lioneke. Anati pa dzina la bambo ake adzaikapo iyiyi, ndipo wochotsa adzakhala Tasha.

Tasha anayang'ana bangalo. Anafunsa ngati anthu akumudzi sadzanena kuti abwera ndi nsalu yakuda kuchokera ku Australia konse.

"Anene. Pakamwa ndi pawo," anatero Mayi Msaiwale, akuibwezera m'pepala lake lakhaki. "Bambo ako anali makaniko ku Malaga, konkuno ku Perth. Malaya awo onse anali ndi banga la mafuta, ngakhale a ukwati. Nsalu yopanda banga sakanaidziwa kuti yachokera kwathu. Ndipo ukakafika pamwalapo, uyambe ndi kuwauza kuti ndine ndinaidetsa. Aseke kaye, za masamu zibwere pambuyo."