Laimu Woyera Pabwalo la ku Bolero

Mtembo anaupeza amayi opita kumunda, 6:10 m'mawa wa Loweruka, pakati penipeni pa bwalo la mpira ku Bolero. Inspekita Brightson Kachingwe anafika kuchokera pa boma 7:30, nsapato zili matope okhaokha, poti mvula inali itagwa mpaka m'bandakucha. Sanafunse kuti malemuyo ndani. Nkhope imeneyo anaidziwira m'nyuzipepala zaka makumi awiri zapitazo.

Anali Amock Luhanga, nambala eyiti. Anachoka kuno ali ndi zaka 16, n'kukasewera pakati mu timu ina yaikulu ya ku Blantyre, kenako zaka zisanu ndi ziwiri ku Joni, ndipo jezi ya dziko anaivala ka 43. Kachingwe anali mmodzi wa aja ankakumbatira wailesi Amock akagwira mpira. Lero anamupeza atagona chafufumimba, bala kunkhongo, pa tsiku limene bwalolo likanapatsidwa dzina lake. Chikwangwani chinali chitaimikidwa kale pachipata, chovindikiridwa ndi nsalu. Mtima unamuwawa ndithu wapolisiyo. Anajambula zithunzi, n'kulamula kuti mtembo unyamulidwe.

Anthu sanachedwe kuloza chala. Limbikani Matewere, kochi wa timu ya pamalopo, munthu wobwera wa ku Zomba, anakangana ndi Amock pamsika Lachinayi pa nkhani yoti ndani azisankha osewera. Pofika masana a Lowerukalo anyamata anali atazungulira nyumba yake. Kachingwe anamutsekera m'chitokosi, makamaka pofuna kumupulumutsa. Pofunsidwa, Limbikani anati kuyambira Lachisanu anali kuchipatala ndi mkazi wake amene anali kuchira, ndipo anamwino awiri anavomereza. Koma gulu lokwiya silimva za anamwino. Kachingwe anadziwa kuti akapanda kupeza wakupha maliro asanaikidwe Lolemba, nyumba ya Limbikani isanduka phulusa.

Madzulo anacheza ndi Hezron Luhanga, amene ankasamalira bwalolo. Anthu ankati ndiye mkulu wake wa Amock, ngakhale imvi zinayambira kwa malemuyo. Anali munthu wofatsa, woyankhula ngati akupepesa. Anati mizere ya pabwalo anaithira laimu Lachisanu 4 koloko madzulo, ndipo sanapondekonso mpaka anamva kulira.

Lamlungu 2 koloko Kachingwe anapita kusiwa. Anakhala panja ndi abambo, Hezron ali pambali pake. M'nyumbamo mayi wa malemu, NyaMsiska, analira mokweza:

"Hezron, mwana wane! Hezron!"

Chitumbuka cha Kachingwe chinali chogulira tomato basi, koma dzina silifuna womasulira. Mayi akulira Hezron, chonsecho Hezron ali pano wamoyo? Anayang'ana kumbali. Mkuluyo anali atazyolika, ndipo madoda onse anapeza choyang'ana pansi.

Anadikira mpaka mayiwo atatuluka kuti apitidwe mphepo, n'kuwatsatira kuseri kwa nyumba. Poyamba anakana, amvekere ndi chisoni chasokoneza lilime. Kenako anakhala pansi n'kunena kuti chinsinsi chawatopetsa. Mu 2003 kunabwera munthu wofuna anyamata osewera mpira osapitirira zaka 17. Mwana wawo woyamba, Hezron, ndiye anali ndi mpira m'miyendo, koma anali ndi zaka 21. Wachiwiri, Amock, anali ndi zaka 16, atangosankhidwa kupita ku sekondale. Bambo awo, amene anatisiya kale, analamula kuti wamng'ono abwereke mkulu wake dzina ndi mapepala kwa chaka chimodzi. Chaka chinakhala zaka. Dzina litatchuka m'mawailesi, mwini wake sakanapita nalo kusukulu, ndipo anatsala pamudzi akuvomera dzina la mkulu wake. Mudzi wonse unadziwa, ndipo mudzi wonse unatseka pakamwa, pakuti zigoli zinali zokoma.

"Pamaliro sindinganame, bwana," anatero NyaMsiska. "Ndikulira amene ndinabala."

Kachingwe anabwerera kugalimoto n'kutulutsa zithunzi za dzulo lake. Anaziyang'ana kawiri, n'kudzitukwana yekha. Mizere yonse ya bwalo inali yofufutika ndi mvula. Wozungulira wapakati wokha ndiwo unali woyera mbee. Wina anabwera kudzauthiranso mvula itakata, ndipo kuti mzere wotere uzungulire bwino munthu amayamba wakhoma chikhomo pakati. Hamala anaipeza 5:15 madzulo omwewo, m'thumba la laimu kuseri kwa chitseko cha Hezron.

Lolemba 8 koloko m'mawa, m'chipinda chofunsira milandu, Kachingwe anaika chithunzi ndi hamala patebulo, pamaso pa Hezron.

"Munati bwalo munalisiya Lachisanu. Mvula inagwa usiku. Nanga mzere uwu unalembedwa ndi ndani?"

Munthuyo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati kochi uja akadali m'chitokosi, ndipo atamva kuti inde, anapukusa mutu.

"Mutulutseni, bwana. Alibe mlandu."

Anafotokoza mosathamanga. Anadzuka 5 koloko kukakonzanso mizere, chifukwa sakanalola kuti alendo apeze bwalo losalongosoka. Mkulu wake, malemuyo, anamupeza pomwepo, ali pa kuthamanga kwake kwa m'mawa uliwonse. Kwa zaka zambiri ankamulonjeza kuti akadzapachika nsapato adzaulula poyera. Anapachika zaka ziwiri zapitazo, koma zii. M'mawa umenewo wamng'onoyo anamupempha komaliza kuti poyankhula pamwambo anene zoona, ndi mawu awiri okha, ana ake adziwe kuti bambo wawo sanali mbuli, anasankhidwapo kupita ku sekondale.

"Anayankha chiyani?" anafunsa Kachingwe.

"Anaseka, bwana. Anati, 'Dzinali ndalikuza ndine. Iwe ukanapita nalo kuti, kumunda wa fodya?' Atatero anawerama kuti amange chingwe cha nsapato. Hamala inali m'manja mwanga." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ndinkamukonda chomene. Masewero ake onse 43 ndinamvera pawailesi. Akagoletsa, dziko lonse linkakuwa dzina langa, ine ndili m'khonde ngati mlendo."

Kachingwe anatuma uthenga kumudzi kuti wakupha wapezeka, anyamata achoke pakhomo pa kochi. Limbikani anatuluka 9:20, ulendo wokaona khanda lake. Wapolisiyo sanamve kukoma kumene amamva mlandu ukatha. Anamva chisoni chokhachokha, komanso manyazi pang'ono, pakuti nayenso anakuwa nawo dzinalo zaka zonsezo. Anakoka pepala la mlandu. Pamzere wa womwalira anali atalembapo kale Loweruka lija dzina loti Amock Luhanga. Anatsitsa cholembera pa mzere wa woimbidwa mlandu.

"Dzina lanu lonse, bambo?"

Munthuyo anawongola msana. Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'chipindamo, anamuyang'ana Kachingwe m'maso.

"Amock Luhanga," anatero. "Lembani bwino, bwana. Papita zaka makumi awiri ndi chimodzi ndisanalitchule ndekha."