Phiri la pa Kalendala

"Phiri ilo sindidzaliponda popanda iwe. Ngakhale utakhala kunjako zaka makumi awiri, ine ndidzakudikira m'munsi mwake."

Mawu amenewa anayankhulidwa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, m'kanyumba ka tiyi ka pa depoti, pansi pa kalendala yomwe ntchentche zinali zitaithimbiriritsa. Pa kalendalayo panali chithunzi cha phiri lalitali la kumapeto kwa dziko, nsonga yake ili m'mitambo. Wolonjezayo anali kondakitala wa minibasi, mnyamata wowonda ngati bango amene aliyense ankangomutchula kuti Wamtali. Wolonjezedwayo anali mtsikana amene anali atangomaliza maphunziro a unamwino, chikwama chili pamiyendo, tikiti ya ndege ataibisa mu bulauzi.

"Ukunama," anatero mtsikanayo akupukuta misozi.

"Kambalame kanga, ine ndimanamiza okwera kuti malo alipo. Iwe ayi."

Mtsikanayo anapita kuti akakhale zaka ziwiri. Ziwirizo zinabereka zinzake. Mapepala ake anali oti akangotuluka sadzalowanso, ndiye anakhala, kusambitsa nkhalamba za eni ake m'dziko lozizira, kumene anthu amapatsa moni galu asanapatse mwini wake. Maliro a bambo ake anawaonera pa foni. Wamtali naye sanagone. Anasiya kulendewera pa chitseko cha minibasi, anaphunzira chiwongolero, ndipo tsopano ankatsogolera alendo pa chilole cha mipando ndi mawindo akuluakulu, kudutsa dziko lonse masiku asanu ndi anayi, kuyambira kugombe mpaka kumapiri.

Mwezi ndi mwezi uthenga unkabwera.

"Ndafikanso m'munsi mwa phiri lathu. Alendo akwera ndi anyamata akuno. Ine ndatsala, ndikutsuka lole. Anzanga akuti ndimaopa kugwa. Aleke aseke, sakudziwa amene ndikumudikira."

Kodi ndi mkazi uti amene angafufute uthenga wotere?

Mapepala atalongosoka anatenga tchuthi cha masabata atatu, osamuuza Wamtali. Anatsikira pa depoti paja n'kupeza kanyumba ka tiyi kanagwetsedwa kalekale, pamalo pake pali sitolo ya mafoni yoliza nyimbo zosadziwika mutu wake. Sanadandaule nthawi yaitali. Anapita ku ofesi ya kampani ya maulendo ija n'kulembetsa dzina lake ngati mlendo wamba.

M'mawa wa ulendo, alendo khumi ndi asanu ndi mmodzi anaima pabwalo ndi zikwama zawo. Wamtali anatuluka ndi pepala la mayina, chipewa chachikulu chili kumutu. Anali atanenepa, kamimba katatulukira, koma kayendedwe kanali komwe kaja, ngati munthu wothamangira minibasi yonyamuka. Anawerenga mayina mofulumira. Atafika pa lachisanu ndi chinayi, anaima n'kuliyang'anitsitsa.

"Ndilipo," anatero mkaziyo ali kumbuyo kwa anthu. "Kapena malo atha, a kondakitala?"

Pepala linagwa. Wamtali anawerama kulitola, ndipo anachedwa kudzuka.

"Malo alipo, mayi," anatero. "Malo alipo ndithu."

Kenaka anawerenga malamulo a ulendo. Aliyense amanga yekha tenti yake. Kutsuka mbale n'kosinthana. Mipando imasuntha tsiku ndi tsiku, aliyense kupita mzere umodzi kutsogolo, kuti pasakhale wodandaula. Lamulo lomaliza sanawerenge, koma linali lomata pa chitseko: wantchito akapezeka akufunsira mlendo, ntchito yatha.

Lole isanatuluke pa geti, foni ya mkaziyo inanjenjemera.

"Wandipha, Kambalame. Manja akukana chiwongolero."

"Yendetsa bwino. Ndawerenga mizere. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndikhala pambali pako."

Dzina la Mtchona anamupatsa ndi a Khukhi, bambo wachete wa ndevu zaimvi amene ankaphikira gululo. Pa chakudya choyamba mkaziyo anafunsa ngati madzi a mu thanki anali owiritsa.

"Asisi, madzi amenewa ndi omwe munakulira," anatero a Khukhi. "Kapena mimba nayo inatchona?"

Gulu lonse linafa nacho chiseko, ndipo dzinalo linamatirira.

Dziko linali lalikulu kuposa mmene Mtchona ankalikumbukira. Kunena zoona sankalidziwa n'komwe. Anabadwiramo, anakuliramo, koma chimene ankadziwa ndi msewu wa kusukulu ndi wa kuchipatala. Zinatengera zaka khumi ndi ziwiri za chisanu kuti adzalione ngati mlendo, pa windo, atalipira. Tsiku lachiwiri anadutsa chigwa choyera mbee ndi mchere, chopanda mtengo ngakhale umodzi. Lachitatu lole inatitimira mumchenga, ndipo onse anatsika kukakankha, ngakhale Aphunzitsi, bambo wopuma ntchito amene anabwera ndi akazi awo kudzadyerera penshoni. Aphunzitsi ankalamula ngati ali pa mzere wa ana asukulu, koma dzanja pa lole osaikapo.

"Bambo, kankhani ndi mapewa, pakamwa papume," anatero akazi awo.

Lole itatuluka, Mtchona anagwa chafufumimba mumchenga, n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Anali ataiwala kuti kuseka kwake n'kwaphokoso chonchi.

Iye ndi Wamtali ankakhala motalikirana mikono itatu yokha, koma ankayankhulana pa foni ngati akadali kutsidya kwa nyanja.

"Mchenga uli m'tsitsi mwako. Ndikanauchotsa kamodzikamodzi."

"Yang'ana msewu, iwe. Pagalasipo pali chiyani?"

"Pali mkazi wanga wam'tsogolo, mzere wachinayi, akudya lalanje ngati mwana."

Tsiku lachisanu anaima pa mtsinje waukulu kudikira bwato lowolotsa magalimoto. Dzuwa linali paliwombo, alendo atabalalika kukajambula mvuu. Mtchona anazungulira kuseri kwa lole n'kupeza Wamtali atagwada, akupima mpweya wa matayala.

"Ndalemba kalata yosiya ntchito," anatero. "Ili m'fonimu. Kwangotsala kudina."

Wamtali anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta manja pa buluku.

"Usafulumire, wapamtima. Ntchito ya kunja siyotaya ngati khoko la nthochi."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndi kufulumira? Ndatopa kutsuka agogo a anthu ena. Kapena sukundifuna?"

"Ine osakufuna iwe? Ndidzakumangira nyumba ya mawindo onse oyang'ana kumapiri. M'mawa uliwonse ndizidzakudzutsa ndi tiyi, ngakhale titakalamba mpaka mano kutha."

"Basi, gwira apa."

Anamugwira chala chonunkha girisi n'kuchidinitsa pa foni. Kalata inapita. Mtchona anavina pomwepo, pafumbi, pakati pa tayala ndi thanki ya madzi. Wamtali anamwetulira, koma anayang'ana chala chakecho nthawi yaitali.

Akazi a Aphunzitsi anali ataona zonse ali pa windo. Madzulo potsuka mbale anamukodola Mtchona ndi chigongono.

"Mwana wanga, ine ndalera atsikana asanu. Dalaivala uja mukudziwana kuyambira liti?"

Mtchona anaulula zonse, za depoti, za kalendala, za phiri.

"Zaka zonsezi munthu kumafika m'munsi osakwera?" anatero mayiwo atagwira pachifuwa. "Awo anga anandilonjeza wailesi tili pa chibwenzi. Mpaka lero ndikumvera ya aneba."

A Khukhi, amene ankakwecha poto chapafupi, anakwecha mwamphamvu kwambiri osadzutsa mutu.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Mtchona anakhala kutsogolo. Bondo lake linkagunda la Wamtali nthawi iliyonse akasintha giya, ndipo magiya tsiku limenelo anasinthidwa kawirikawiri kuposa mmene msewu unkafunira. Chakumasana anakhota pa kona ina, ndipo phiri linangotulukira patsogolo pawo, lalikulu, lobiriwira m'munsi, lotuwa pamwamba. Kalendala ija inali itanama. Phiri lenileni silikanakwana pa khoma la munthu.

"Ndi limeneli?" ananong'ona.

"Ndi limeneli."

"Mawa."

Wamtali anatsokomola. "Mitambo ija sindikuikhulupirira. Komanso bondo langali landivuta chichokereni kumchenga kuja."

"Ndine namwino. Ndilimanga."

M'mawa mwake kunacha kopanda kamtambo. Mtchona anamanga bondo lija ndi bandeji, ngakhale sanapezepo chotupa. Alendo khumi anakonzeka kukwera, motsogozedwa ndi bambo wina wa m'deralo amene ankayenda ndi ndodo. Wamtali anamukokera bamboyo pambali n'kumunong'oneza kanthu. Bamboyo anaseka n'kugwedeza mutu.

"Wamuuza chiyani?" anafunsa Mtchona.

"Kuti aziyenda pang'onopang'ono. Ena ndife achilendo."

Anakwera. Njira inadutsa m'nkhalango yonyowa, kenaka m'maudzu ofika m'chiuno, kenaka pamiyala yokhayokha. Wamtali ankayenda pambuyo penipeni, akupuma mwaphokoso, kufunsa mtsogoleri uja kuti kwatsala mtunda wotani. Mtchona ankangotembenuka kumuyang'ana.

Pamalo ena njira inapanikizika, phompho lili kudzanja lamanja. Mtchona anatukula phazi kuti aponde mwala wosalala umene unali patsogolo pake. Dzanja linamugwira m'chiuno mwamphamvu.

"Umenewo ayi, umagwedera. Ponda wakumanzerewo, kenaka gwira muzu uli kuseri kwa thanthwe."

Anaponda wakumanzere. Anapisa dzanja kuseri kwa thanthwe, kumene maso sakanaona, ndipo muzu unalipo, wosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Wadziwa bwanji?"

"Anyamata amandifotokozera. Zaka zonsezi ndakhala ndikulikwera ndi makutu."

Mtchona anaseka n'kumufinya dzanja. Nanga munthu amene wangokupulumutsa ku phompho ungamuimike pa mlandu?

Anafika pamwamba dzuwa litapendeka pang'ono. Dziko lonse limene analidutsa linali pansi pawo, mtsinje uja ukunyezimira ngati ulusi. Panali kanyumba ka miyala, ndipo patsogolo pake panapachikidwa chitsulo cha tayala la galimoto. Magulu ena awiri a alendo anali atafika kale ndi atsogoleri awo.

Mtchona anatembenuka kuti amukumbatire Wamtali, lamulo la kampani lipite uko. Asanatero, chitsulo chinalira.

Nkhalamba ina ya jekete long'ambika, mlonda wa pamwambapo, inkachimenya ndi nyundo mosalekeza. Atsogoleri a magulu aja anataya makapu awo a tiyi n'kuthamanga akuimba. Anamunyamula Wamtali m'mwamba, bandeji ikulendewera, n'kuyamba kuzungulira naye kanyumba kaja. Uja wa ndodo anayesa kuwaletsa ndi manja, koma palibe anamuona.

"Amukonzera!" anafuula akazi a Aphunzitsi. "Mwana wanga, akudziwa nkhani yanu. Konzeka chala, mphete ikubwera."

Mtchona analuluta. Anali asanalulute zaka khumi ndi ziwiri, koma lilime linakumbuka lokha. Anaomba m'manja, misozi ikutsika, n'kuthamangira kwa nkhalamba ija.

"Agogo, zikomo. Ndani anakuuzani kuti akwera lero?"

"Kundiuza? Ine ndimawerenga ndekha, mayi," inatero nkhalambayo ikupuma. "Bwerani muone."

Inamulowetsa m'kanyumbamo. Kukhoma kunali matabwa, lililonse la mtsogoleri wake, ndipo pa thabwa lililonse panali timizere tokanda ndi msomali.

"Mtsogoleri akafika pano ndimakanda kamodzi. Akakwanitsa zana timamenya chitsulo chija. Mwambo wathu ndi umenewo. Ili ndi la Wamtali. Taonani, malo atha, ndiyenera kumupezera thabwa lina."

Mtchona anayang'ana thabwalo. Timizere tinayambira pamwamba, takale todetsedwa ndi utsi, mpaka pansi pomwe panali kamodzi katsopano koyera.

"Mwina mwasokoneza ndi wina," anatero.

"Ameneyu? Phiri lino amalidziwa kuposa ine. Ndi amene anakonza njira ya paphompho paja. Kamzere koyambaka ndimakakumbuka bwino, chifukwa anafika atabereka mayi akunyumba kwake kumsana, nsapato zitawadula. Nthawi imeneyo anali asanakwatirane. Pano ali ndi ana atatu, wamkulu ali sitandade faifi." Nkhalambayo inamuyang'ana bwinobwino. "Inu ndi alendo ake? Muli m'manja abwino."

Kunja nyimbo inali itatha. Mtchona atatuluka anapeza Wamtali atamutsitsa pansi, chipewa chili m'manja, akumuyang'ana.

"Kambalame," anatero.

"Bandeji yamasuka," anatero Mtchona. "Uiponda."

Wamtali anali atakwera phirilo maulendo zana limodzi. Ulendo woyamba anakwera patangotha miyezi isanu ndege ija itanyamuka.