Zenera Lachisanu ndi Chitatu

Msonkhano wa kukhonsolo unatha mochedwa, basi yomaliza ya ku Netherwick itapita kale. Maureen Threlfall anangovala chijasi chake n'kuuyamba wapansi, mawu a wapampando akumulirabe m'khutu: nyumba yakale ya akazi amasiye igwetsedwa Lolemba, pokhapokha patapezeka umboni woti yatha zaka mazana atatu. Mapepala a nyumbayo anapsa pa nthawi ya nkhondo. M'nyumbamo munkakhala nkhalamba zisanu ndi imodzi, ndipo imodzi mwa izo inali amayi ake omubereka.

Anawoloka mlatho wamiyala, nadutsa chigayo chakale chimene masiku ano amagulitsiramo mowa. Pofika pa mpanda wa manda a tchalitchi, moyang'anizana ndi nyumba ija, nsapato inali itamusupula chidendene. Anakhala pa benchi kuti apume.

Sanaone kuti pali kale munthu. Anali bambo wachikulire, kapusi kumutu, manja ali mbuu ndi laimu.

"Mazenera a nyumba iyo ndi angati, mayi?" anafunsa bamboyo.

"Asanu ndi awiri. Ndakulira konkuno ine, bambo."

"Ha! Kukulira konkuno, maso munabwereketsa? Asanu ndi atatu. Lina, la khoma lakumpoto, analitseka ndi njerwa kalekale pothawa msonkho umene boma linkalipiritsa pa mazenera. Chaka chimene anamanga nyumbayo chili pamwala wa pamwamba pake. Ndinamatapo pulasitala ndine, abusa atadandaula kuti khoma likulowa madzi. Chimandisowetsa tulo chimenecho."

Maureen anayang'ana khomalo, lophimbika ndi zomera zoyanga. Mphepo inaleka. Kunazizira. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi... koma bamboyo polankhula muja, utsi panalibe. Anacheuka.

Pa benchi panalibe munthu!

Mapazi sanamveke. Geti la kumanda silinalire. Kunangoti zii...

Sanathawe. Chidendene sichikanamulola. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kwawo, osacheukanso.

Kutacha anabwereka makwerero, hamala ndi tchizulo. Nkhalamba zija zinatuluka ndi makapu a tiyi m'manja, kudzaonerera. Maureen anakwera, nazula zoyanga zija, nayamba kugogoda. Pulasitala anagwa zibenthuzibenthu. Njerwa zotsekera zenera zinaonekera, kenako mwala wosemedwa bwino: 1694.

"Tsika ungathyoke khosi, iwe!" anakuwa amayi ake. "Wakuuza ndani zimenezi?"

"Bambo wina womanga nyumba, wa kapusi. Ndinakhala naye pa benchi apo usiku."

Amayiwo anaika kapu pansi mosamala. "Pita ukawerenge kachitsulo kali pa benchilo."

Maureen anawoloka msewu. Anapukuta kachitsuloko ndi chala: Pokumbukira Wilfred Haigh, mmisiri womanga nyumba, 1908 mpaka 1971.

Atabwerera, anapeza amayi ake akupukusa mutu, maso ali pa mwala uja.

"Wilfred sanasinthe," anatero. "Ntchito iliyonse ankaimaliza mochedwa."