Labala Wofiira wa Jasper

Zinayamba ndi kanyali kamodzi kofiira. Kompyuta yoyendetsa makina oluka majuzi a sukulu pa kafakitale ka ku Unit C, chinthu chachikale chotalika ngati furiji, inkangoima pakati pa ntchito, nyali zake zikuloza malo amodzimodzi mu memori.

Bambo Fabiano, amene anamera imvi akuisamalira, anali atatopa nayo zedi. Magetsi ankabwera anthu atagona, ndiye iwo ankagwira ntchito ena akuliza mkonono. Mwini fakitale, Mai Rutendo, anali atanena mosapsatira, akuwatchula agogo m'chinenero chawo: "Sekuru, ikapanda kuchira sabata ino, ndiitana ogula zitsulo a ku Huruyadzo. Inunso mukapume."

Kupuma kwake kuti, adzukulu akudikira chakudya ku Zengeza?

Anachita zimene ankachita ndi mnzawo Jasper, yemwe anamwalira chaka chatha. Anasinthanitsa mabolodi a memori, poti bolodi yodwala imasamuka ndi matenda ake. Vutolo silinasunthe. Usiku wotsatira anaitenthetsa ndi choumitsira tsitsi, kenaka n'kuiziziritsa, koma kanyali kaja kanangowayang'ana.

"Mudhara," ananong'ona Knowledge, mlonda, ataima pakhomo osalowa, "masana magetsi hakuna, koma ine ndimamva fani ikulira mommo. Ndiponso wina amatsokomola."

"Iwe, chepetsa mowa," anayankha Bambo Fabiano. Koma anakumbukira chifuwa cha Jasper, chimene ankachidziwa bwino.

Usiku womaliza anafika magetsi asanabwere. Mdima unali bii, malata akulira pang'onopang'ono pozizira, agalu akuuwa chapatali. Anatsegula chitseko cha kompyutayo, tochi ali kukamwa, n'kusolola bolodi. Inali yofunda ngati pampando pamene munthu wangonyamuka. Timano take tagolide tinali titapukutidwa mbee, ndipo pansi panali nyenyeswa zatsopano za labala wofiira.

Amene ankapukutira labala wofiira anali Jasper yekha. Labalayo Bambo Fabiano anamuika okha m'thumba la jekete ya malemuyo, asanatseke bokosi.

Anabwezera bolodi m'malo mwake. Magetsi atabwera, pulogalamu yoyesa memori inadutsa malo ovuta aja bwinobwino, makina oluka n'kuyamba phokoso lawo. Ntchito inapulumuka, koma chimwemwe sichinabwere. Anakhala pansi, chisoni chitawagwira kuposa mantha.

"Achimwene," anafunsa motsitsa mawu, "kodi nakonso sitipuma?"

Kuseri kwa kompyutayo, wina anatsokomola.