Wolandira Isake pa Mlatho

Ku Mitundu kuno akuti amuna anga, a Gilibati, mutu wawo unasokonezeka ndi mabomba. Olankhulawo ndi anthu oti tayala la minibasi likaphulika amabisala pansi pa benchi. Ine Felesiya ndinalipo tsikulo, ndiye mumvere ine.

Amuna angawa anamenya nkhondo ziwiri. Ali mnyamata ankalondera njanji ya ku Nacala, ku Mozambique. Imvi zitayamba, anawatumizanso ku Congo. Anabwerako akutsimphina, ali ndi chipsera pantchafu komanso khalidwe lolamula ngakhale nkhuku. Za ku Congo amasimba mpaka makutu kuwawa. Za ku Mozambique amangotchula munthu mmodzi, Isake, mnzawo wa konkuno. Amuna angawa ali kopolo, anamuimika iwo eni pa mlatho wa njanji, n'kumuuza kuti asachoke mpaka amubweretsere womulandira. Pobwerera, galimoto yawo inaponda bomba, iwo n'kutsitsimukira m'chipatala. Isake sanapezeke. Abale ake anaika m'manda thunthu la nthochi, monga timachitira mtembo ukasowa.

Chaka chatha mwana wathu Chipulumutso anamaliza maphunziro a usilikali ku Salima. Tinakamuchingamira ku Nathenje pa ngolo, poti tinkatenganso feteleza. Yunifolomu anakana kuvula, ankafuna atsikana a m'njira amuone. Tinanyamuka dzuwa litapendeka, bambo ndi mwana akukangana za kapukutidwe ka jombo.

Chisisira chinatipeza pa kamlatho ka matabwa ka m'dambo. Ng'ombe zinaima. A Gilibati anazikwapula, koma sizinasunthe. Achule onse anali chete, chonsecho mvula inali itagwa dzulo lake. Kenako ndinamva fungo la mafuta a sitima. Kudamboko kulibe njanji.

Tsidya la mlatho kunaima munthu. Wamtali, chipewa chansalu, mfuti paphewa. Yunifolomu yake inali yakale, yofanana ndi ya pa chithunzi cha amuna anga cha pabalaza. Nkhope ya mnyamata. Sankaphethira.

"Kopolo," anatero munthuyo, mawu ake ouma ndi ludzu, "mwachedwa."

"Isake," anayankha amuna anga, osanjenjemera n'pang'ono pomwe.

"Miyendo yatopa, Kopolo. Mwabwera naye wondilandira?"

Maso ake anagwera pa mwana wanga.

Apa ndiye ndinaopa, sindibisa. Asilikali amaphunzitsidwa kuti mlonda akaitana womulandira, sufunsa mafunso, umangopita. Chipulumutso anali atatsika kale pangolo, jombo zikugunda matabwa, maso ali tong'o ngati woyenda ali mtulo. Ndinamuthamangira n'kumugwira lamba, iye anangondikoka. Ndinakuwa dzina lake. Sanacheuke.

"Msilikali, ima pomwepo!"

Anali amuna anga, ndi liwu lawo lija ndakhala ndikulinyoza zaka zonsezi. Tsiku limenelo ndinalidalitsa. Mwana anaima njo pakati pa mlatho.

"Tembenuka. Bwerera pangolo, ukakhale ndi amako."

Anabwerera, thukuta lili kamukamu. A Gilibati anatsika, anakonza kolala ya malaya, n'kuyenda ngati ali pa perete, kutsimphina konse kutatha. Anakaima maso ndi maso ndi munthu uja.

"Lipoti."

"Mlatho uli bwino, Kopolo. Palibe wadutsa."

"Nkhondo inatha kalekale, Isake. Pita kwanu."

"Malo sasiyidwa opanda munthu. Munanena ndinu."

Amuna anga anacheuka. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine.

"Chabwino. Ndakulandira ine. Choka."

Isake anakweza dzanja pachipumi, n'kupatuka mumsewu kulowera cha kumanda a kwawo. Udzu sunagwedere pomwe ankaponda. Achule anayambanso kulira onse nthawi imodzi.

"Mayi a Chipulumutso," anatero amuna anga osandiyang'ana, "kazipitani, feteleza anganyowe. Ine ndili pantchito."

Ndinawachonderera, kenako ndinawalalatira. Zonse zinapita pachabe. Anafika kunyumba m'mawa, mame ali m'mapewa, n'kupempha tiyi.

Kuyambira tsikulo, dzuwa likamalowa amavala chijasi chawo cha ku Congo, kukwera njinga, kukaima pa mlathowo mpaka tambala. Ena akuti ndi misala. Ena akuti ndi chizimba, poti fodya wathu chaka chino anachita bwino. Mlongo wake wa Isake yekha ndiye anabwera ndi nkhuku m'khwapa, nati manda a nthochi aja, amene anakhala osatitimira zaka zonsezi, tsopano atitimira.

M'nyengo yozizira a Gilibati anagwidwa chibayo. Anagona pansi pa mabulangete akubwebweta kuti malo ali opanda munthu. Ine ndinkati tsiku limodzi silingawononge kanthu. Dzuwa likulowa, foni inalira. Anali Chipulumutso, ali ku kampu kwawo.

"Amayi, kuno kukununkha mafuta a sitima. Anzanga sakumva. Ndipo miyendo yangayi ikufuna kuyenda."

"Khala pansi," ndinatero. "Ukasuntha ndidzakukwapula ndi yunifolomu yakoyo. Wamva?"

Ndinachotsa chijasi chija pamsomali. Njinga ndimatha kupalasa. Ndinaima pa mlathowo mpaka kucha, dambo lonse lili zii, mano akuguguda, ndipo palibe anadutsa. M'mawa ndinakapereka lipoti kwa wodwala wanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atalengeza misozi, kenako anati mabatani ndamanga molakwika.

Pano timasinthana. Anthu akuti misala yalowa nyumba yonse. Anene, pakamwa ndi pawo. Mwana wanga akunenepa ku kampu, ndipo fungo lija sanalimvenso. Chijasicho manja ake ndi aatali, koma ndinawapinda n'kuwasoka.