Mtsikana Womangidwa pa Thanthwe

Fumbani anatsika m'sitima ya pamadzi atakumbatira laputopu ngati khanda. Amene anamugwira dzanja kuti asagwere m'madzi anali Keziah wa ku Mbungo, mtsikana yekhayo woyendetsa boti la injini pagombepo. Botilo linali la bambo ake, ndipo anamulola monyinyirika, atamuchenjeza kuti akadzangomva dzina lake likutafunidwa ndi amuna, adzamulanda.

Mnyamatayo ankapanga magemu a pafoni ku Mzuzu. Ankati wabwera kudzajambula chilumba, koma chilumba chake chinali cha maso awiri ndi kampata m'mano.

"Duwa langa, m'magemu akazi amangolira kudikira wowapulumutsa," anatero tsiku lotsanzikana. "Wanga adzakhala iwe, injini m'manja, mwera ukukuopa."

Ndani sakanasungunuka? Fumbani atapita, Keziah ankakwera pamtunda pogwira netiweki n'kumamutumizira mawu ojambula, ali ndi manyazi ngakhale panalibe womuona. "Ndikukudikira, wokondedwa. Bwera udzanditenge."

Gemu itatuluka, Annette, mnzake wa kukwaya, anabwera nayo akuyang'ana pansi. M'gemumo woyendetsa boti anali mwamuna wa chifuwa chotambalala. Mtsikana anali atamangidwa pathanthwe, atavala kansalu kosabisa kanthu, chiuno chochita kukokomeza, koma nkhope inali ya Keziah, ndi kampata komwe. Boti likamayandikira, mtsikanayo ankalankhula, ndipo mawuwo anali aja Keziah ananong'oneza munthu mmodzi.

Keziah anaimba foni ku Mzuzu. Fumbani anafotokoza mosatekeseka kuti anzake a kuntchito anakana, akuti osewera ambiri ndi anyamata ndipo safuna kupulumutsidwa ndi mkazi. Kuichotsa sikukanatheka, inali itafalikira kale.

"Koma watuluka wokongola, bebi. Sukunyadira?"

Keziah anadula. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mtima wake wopusawo unadumphabe pomva mawu a munthuyo.

Gemuyo inayenda pafoni ndi pafoni mpaka kumidzi ya Khuyu ndi Yofu. Asodzi ankaisewera posoka maukonde, ndipo Keziah akamadutsa wina ankayankha mokweza kuti akubwera kudzamutenga. Bambo ake sanakalipe. Anangomasula injini, n'kuisenza okha, n'kukaipereka kwa msuweni wake wamwamuna. Keziah akanawauza chiyani? Kuti mawuwo si ake?

Sitima itabweranso, Keziah anakhala pakhonde kumamva maboti akulira opanda iye. Anabwereka foni ya Annette, akuganiza kuti mwina angammasule yekha mtsikanayo. Anafunafuna posankhira wosewera, koma panali mwamuna yekha. Anadina zingwe, anadina mapazi, anadina nkhope yake yomwe mpaka chala kuwawa.

"Annette, ameneyu ndimuyendetsa bwanji?"

Annette anamulanda foniyo pang'onopang'ono, misozi ili m'maso.

"Sayenda ameneyo, mnzanga. Sanamupange kuti aziyenda."