Pasipoti ya Akulu Ake

Pakhomo pa atelala ena panali mtendere. Bambo ankasoka, mayi ankasita, ndipo banja linkapemphera limodzi tsiku lililonse. Ana anali awiri, atsikana ofanana ngati mapasa. Wamkulu anali namwino, ndipo anali atangopeza ntchito pachipatala cha kunja. Ankanyamuka mwezi wotsatira. Wamng'ono ankaluka tsitsi kusaluni. Ankamutcha Kamwendo chifukwa sankakhazikika.

Chisanu chitayamba, Kamwendo analumbira kuti akaothera dzuwa sabata imodzi kudziko lotentha, kumene anzake ankajambulitsa m'mbali mwa nyanja yamchere. Nzeru anali nazo mwanayu, tisamunamizire. Anapeza tikiti yotchipa ya pakati pa sabata, chipinda chogona anthu asanu ndi mmodzi, ndi kachikwama kam'manja kuti asalipirire katundu. Chinatsala ndi pasipoti, yodula komanso yochedwa kutuluka.

"Dikira chaka chamawa, mwanangu," anatero mayi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Amayi, inu mwadekha zaka zingati? Mwafika kuti? Pasimbi pomwepo!"

Bambo anaimitsa makina. "Pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

"Ndi panga, abambo."

Kusaluni, mnzake woluka naye anamuseka. "Ndiwe wogona iwe. Akulu ako si ali nayo pasipoti? Nkhope ndi imodzi. Ndikuluka ngati pachithunzi chawocho, tikiti ugule m'dzina lawo. Pakatha sabata ubweza, adziwa ndani?"

Kamwendo anatsegula sutikesi ya akulu ake n'kusolola pasipoti pansi pa yunifomu yoyera. Kwa makolo ananama kuti akupita kuukwati wa mnzake.

Pabwalo la ndege, wofufuza ziphaso anayang'ana chithunzi, anayang'ana nkhope, n'kugwedeza mutu. Kamwendo anayamba kumwetulira. Kenako wofufuzayo anamukankhira kamakina kagalasi.

"Ikani chala apa, mayi."

Kanayaka zofiira. Anaikanso, zofiira.

"Makina anuwa ndi akufa!" anakalipa Kamwendo. "Nkhope simukuiona?"

"Nkhope ndaiona. Chalachi n'cha wina."

Anamutsekera m'kachipinda kopanda windo. Masana bambo ake anafika ndi namwino uja, atavala zakuntchito. Wapolisi anawauza mosapsatira: pasipoti yalandidwa, ndipo mwini wake saloledwa kutuluka m'dziko mpaka atsimikize kuti sanaipereke dala. Kufufuzako kutenga miyezi.

"Chipatala chija chikundifuna pa tsiku loyamba la mwezi," anatero namwino. "Ndikachedwa, atenga wina."

Mungaganize kuti Kamwendo anagwada? Ayi ndithu, khosi linali louma.

"Sindinabe ine, ndinabwereka! Ndikanabweza sabata yamawa."

Akulu ake anamutembenukira. "Zaka zinayi ndikulemba makalata ofunsira ntchito imeneyi, mng'ono wanga. Iwe umafuna sabata imodzi."

Tsiku loyamba la mwezi linafika n'kudutsa. Ntchito anapatsa wina. Kamwendo anatuluka pabelo, akudikira mlandu, ndipo anapeza akulu ake akutulutsa zovala m'sutikesi, chimodzichimodzi, n'kumazibwezera m'kabati. Apa m'pamene khosi linathyoka. Anagwa pansi n'kuwagwira miyendo.

"Ndimenyeni, akulu! Nditukwaneni!"

"Dzuka," anayankha. "Ndakukhululukira. Koma ntchito ija yapita."

Achinyamata, chotenga mwini wake asakudziwa n'chakuba, ngakhale chikhale cha m'bale wako. Kulapa kumachotsa tchimo, koma sikubwezera mnzako chimene wamuonongera.